Chithunzi chija si msewu wa ku Roma, a Mkonzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaulepo za chithunzi chimene mudaika pa tsamba la ana asukulu masabata apitawa, chija mudalemba pansi pake kuti umu ndi mmene msewu wa Via Appia unkaonekera m'masiku a Aroma. Mdzukulu wanga adachidula n'kuchimata m'kope lake la mbiri yakale. Atabwera kudzandionetsa ndidachizindikira ndisadavale n'komwe magalasi, chifukwa chili m'buku lina limene ndakhala nalo zaka zambiri mpaka chikuto chidathothoka. Adachijambula ndi Giovanni Battista Piranesi, mmisiri wa ku Venice amene adabadwa mu 1720 n'kumwalirira ku Roma mu 1778. Chidatuluka mu 1756 ngati tsamba lotsegulira limodzi mwa mabuku ake anayi a zinthu zakale za Aroma. Msewu wa Via Appia ulipodi, adayamba kuulambula mu 312 BC, ndipo manda ali m'mbali mwake mpaka lero. Koma msewu uli pachithunzipo sudakhaleko ndi tsiku limodzi lomwe. Udali m'mutu mwa Piranesi basi.

Tachiyang'ananinso. Manda asanjikizana, ena pamwamba pa anzawo, mpaka kukagunda mitambo. Ziboliboli zili mbwee, zidutswa za miyala yosema zangoti balala, ndipo anthu oyenda pamsewupo achepa ngati nyerere. Palibe mfumu ya Aroma imene idamangapo zotere. Mwiniwakeyo sadafune kupusitsa munthu, poti ogula mabuku ake ankadziwa kuti tsamba lotsegulira ndi bwalo loonetserapo luso. Adafika mpaka polemba mayina a anzake awiri a ku Scotland, Robert Adam ndi Allan Ramsay, pa manda ena a pachithunzipo, eni ake ali moyo, akudya ndi kumwa mu Roma momwemo. Bodza lidalowa ndi mawu aja mudaika pansi pa chithunzi.

Ine sindine mphunzitsi wa mbiri yakale. Ndidagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba mpaka kupuma, kuyambira nthawi ya bolodi, rula ndi inki, makompyuta asadabwere. Choncho mmene pepala limanamira ndimadziwa ndi manja angawa, poti ndidalinamitsapo.

Ndili mnyamata pantchito adandituma kukayeza nyumba ina yakale yosungiramo katundu imene ankafuna kuikonza. Mbali zitatu ndidayeza bwinobwino ndi tepi. Kumbuyo kudali tchire lolekeza m'khosi, ndipo pansi pa denga padali chisa cha mavu chachikulu ngati chipewa. Ndidaima patali, kusuzumira pang'ono, n'kunena chamumtima kuti kutsogolo kuli mazenera anayi, ndiye kumbuyo angachepe bwanji? Ndidabwerera ku ofesi n'kujambula anayi, otalikirana mofanana, pulani yaukhondo yopanda ndi dontho la inki lomwe. Mnzanga wa zamagetsi adatengera pulani yanga. Wa mapaipi a madzi adatengera ya wamagetsi. Pofika tsiku loyamba ntchito padali mapepala atatu, osainidwa ndi anthu atatu, onse akuti mazenera anayi. Atatchetcha tchire lija adapeza mazenera atatu ndi khomo lotsekedwa ndi njerwa. Mafelemu anayi adali atagulidwa kale. Zimene adandiuza abwana tsiku limenelo sizilembeka m'nyuzipepala.

Ndiye ndikamaona zojambula zakale za mabwinja a ku Roma, ndimawafunsa eni ake zomwe abwana aja adandifunsa ine. Udafikapo pamalopo kapena udaima patali? Pamene sudaone udaikapo chiyani? Nanga awa akugwirizana nawewa, adaona okha kapena adatengera kwa iwe?

Funso lachiwirilo ndiye lopweteka, chifukwa dzanja la wojambula limadana ndi mpata, komanso limadana ndi chinthu chopotoka. Tengani Pantheon, kachisi wozungulira uja amene adakalipo wathunthu pakati pa mzinda, denga lake lotambalala mamita 43 ngati mphika wovundikira. Mkati mwake, pakati pa nsanamira zikuluzikulu zapansi ndi denga, mudali lamba wa khoma wokhala ndi tinsanamira ting'onoting'ono tomatidwa kukhoma. Tinsanamira timeneti sitinkalunjika pamwamba pa zikuluzikulu zija, ndiponso sitinkagwirizana ndi mizere ya kudenga. Amisiri a zaka za m'ma 1400 ndi 1500 izi zidawasowetsa tulo. Adali atawerenga Vitruvius, Mroma amene adalemba za kamangidwe ka nyumba, ndipo m'mitu mwawo mudali mutakhazikika mmene nyumba ya akale iyenera kukhalira. Ndiye ena, monga Francesco di Giorgio ndi Antonio da Sangallo wamng'ono, adajambula Pantheon atamuwongola, chilichonse chitalunjika pa chinzake. Kachisiyo akadakhala kuti adagwa kalekale, munthu wotola pepala lotere lero akadalumbira kuti Aroma adamanga choncho. Anthuwa sadali abodza ayi. Ankaphunzira mabwinjawo kuti akamange matchalitchi ndi nyumba za mabwana awo, ndiye ankajambula Roma amene ankamufuna, wolongosoka, wosavuta kutengera.

Cha m'ma 1519 Raphael, katswiri wojambula ndi womanga nyumba, mothandizana ndi mlembi Baldassare Castiglione, adalembera kalata Papa Leo X yodandaula kuti miyala ya mabo ya nyumba zakale ikungootchedwa kupanga laimu. Adalongosolanso kuti nyumba iyenera kujambulidwa katatu: pansi pake, nkhope yake, ndi mkati mwake ngati mwaidula ndi mpeni. Mpaka lero timajambula choncho, ndipo ine ndidadyera pomwepo. Koma m'kalata momwemo akunenanso zobwezeretsa papepala ziwalo zimene zidagwa, potengera zimene zatsala. Ndiwo mazenera anga anayi aja, kungoti ajambulidwa ndi dzanja laluso kuposa langa.

Sebastiano Serlio adasindikiza buku lake la nyumba zakale mu 1540, Andrea Palladio lake mu 1570, ndipo mabuku awiriwa adayenda Ulaya yense. Mukatsegula la Palladio mupeza akachisi athunthu, madenga ali pamwamba, masitepe onse alipo, ziboliboli zili chilili pansonga, chonsecho pamalopo padangotsala nsanamira zowerengeka ndi chiunda cha dothi. Kwa zaka 100 anthu ankangokopera. Kenako nduna ya ku France, Colbert, idatuma mnyamata wina, Antoine Desgodetz, kuti akayezenso. Ulendo wake udayamba ndi tsoka. Mu 1674 achifwamba apanyanja adagwira chombo chimene adakwera, ndipo adakakhala m'ukapolo ku Algiers kupitirira chaka. Atamasulidwa adafika ku Roma, kukwera makwerero, kukumba m'munsi mwa nsanamira, ndipo mu 1682 adatulutsa buku limene mobwerezabwereza amaloza pamene Serlio ndi Palladio adaphonya: apa nsanamira yatalika, apa zokongoletsa si zimenezi, apa muyeso wasiyana. Ameneyu ndiye ndimamukonda ine. Mapepala ake sasangalatsa maso ngati a Piranesi, adzaza manambala okhaokha, koma ndi a munthu amene adalowa m'tchire la mavu.

Manambalawo nawonso amafuna kudekha. Mita kudalibe nthawi imeneyo. Mmisiri wa ku Roma ankayeza ndi palmo, pafupifupi masentimita 22. Wa ku Florence ankayeza ndi braccio, masentimita 58. Palladio ankayeza ndi phazi la kwawo ku Vicenza, pafupifupi masentimita 36, pamene phazi la Aroma akale lidali pafupifupi masentimita 30. Pepala likangoti 12 osanena kuti 12 wa chiyani, mwasokera. Wokopera akamachotsa manambala mu muyeso wina kuwaika mu unzake amataya tizotsalira, wachitatu n'kutayanso tina. Palinso za kusindikiza. Chithunzi chozokotedwa pa mbale ya mkuwa chimatuluka papepala chotembenuka ngati pagalasi, ndiye wozokota akachita ulesi osachitembenuza poyamba, cha kumanja chimakakhala kumanzere.

Mayina olembedwa pansi pa zithunzi ndiye musathamangire kuwameza, ndipo apa, a Mkonzi, simuli nokha. Bwalo lalikulu la mzinda, Forum, lidali litakwiririka ndi dothi ndi zinyalala za zaka mazanamazana, moti anthu ankadyetsako ng'ombe n'kumalitcha Campo Vaccino, kutanthauza busa la ng'ombe. M'munsi mwa phiri la Capitol muli nsanamira zitatu zimene pa chithunzi cha Piranesi zamira m'dothi mpaka pafupi ndi mitu, pamwamba pake patangotsala zilembo zisanu ndi zitatu, ESTITVER. Iye ndi anzake ankati ndi kachisi wa Jupiter Tonans. Chidadzawatsutsa si chithunzi china, koma mapepala akale osungidwa ku nyumba ya amonke ya Einsiedeln ku Switzerland, mmene mlendo wina wa cha m'ma 800 adakopera mawu onse adakali athunthu. Ndi kachisi wa mfumu Vespasian. Chinyumba chimene aliyense ankachitcha Kachisi wa Mtendere chidapezeka kuti ndi basilica, holo yaikulu ya milandu ndi misonkhano, ya mfumu Maxentius, ndipo nsanamira ina yoima payokha pabwalopo idadziwika mwini wake, mfumu Phocas imene adaiimikira mu 608, atakumba tsinde lake mu 1813. Tsono onani, pepala lomwelo la Piranesi likunena zoona pa kuya kwa dothi, n'kuphonya pa dzina.

Za kuchuluka kwa mboni, chitsanzo changa ndi chiboliboli cha Laocoön, wansembe uja akulimbana ndi njoka pamodzi ndi ana ake awiri. Adachifukula mu Januwale 1506 m'munda wa mpesa ku Roma, mkono wamanja wa bamboyo palibe. Patapita zaka wosema wina, Montorsoli, adaikirapo mkono wotambasukira m'mwamba, ndipo kwa zaka pafupifupi 400 ophunzira luso, mibadwomibadwo, adajambula mkono wotambasuka. Mukadawasonkhanitsa onse m'bwalo la milandu akadayankhula ndi pakamwa pamodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Ludwig Pollak adapeza mkono wa mwala wopindika pachigongono kwa wosema miyala wina mumzindamo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 adaulumikiza, ndipo udakwana ndendende. Amene adanena zoona ndi ochepa aja adajambula chiboliboli chitangotuluka m'dothi, phewa lili lokhalokha.

Pirro Ligorio ndiye mutu wina. Adali katswiri weniweni, adafukula nyumba ya mfumu Hadrian ku Tivoli, ndipo mu 1561 adatulutsa mapu a Roma wakale mmene nyumba iliyonse yaima yathunthu ngati adaiona dzulo. Koma mawu olembedwa pamiyala akamusowa, ankangowapeka. Akatswiri a ku Berlin motsogozedwa ndi Theodor Mommsen, posonkhanitsa zolembedwa za Chilatini m'zaka za m'ma 1800, adachita kupatula gawo la zabodza, ndipo dzina lodzaza m'gawo limenelo ndi lake. Chosautsa n'chakuti zina zimene adamukanira zidadzapezeka kuti miyalayo ilipodi. Kumutaya yense simungathe, kumumeza yense simungathenso.

Nditafika apa mdzukulu wanga adati, "Ndiye agogo, tingozitaya zonsezo?" Iyayi. Tikazitaya titsala ndi chiyani? Zambiri zimene anthuwa adaona ndi maso kulibenso.

Mfumu Septimius Severus idamanga chikhoma chokongola chotchedwa Septizodium mu 203 AD, m'munsi mwa phiri la Palatine, moyang'ana anthu olowa mumzinda kuchokera ku Via Appia yeniyeniyo. Pofika zaka za m'ma 1500 padatsala ngodya imodzi yokha, nsanamira zosanjikizana katatu. Mu 1588 Papa Sixtus V adalamula kuti chigwetsedwe, ndipo mmisiri wake Domenico Fontana adamwaza miyalayo mumzinda, ina ku chipinda chopemphereramo cha Papayo m'tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, ina pa tsinde la chipilala cha Marcus Aurelius. Nkhope ya chikhomachi timaidziwa chifukwa cha anthu ngati Maarten van Heemskerck wa ku Holland, amene adafika ku Roma mu 1532 n'kukhalako zaka zingapo, Giovanni Antonio Dosio, ndi Étienne Dupérac amene adasindikiza zithunzi za mabwinja mu 1575. Adaima mbali zosiyana, zaka zosiyana, ndipo amagwirizana pa zikuluzikulu n'kusiyana pa zing'onozing'ono, monga zimakhalira ndi anthu amene aliyense adaona yekha. Akafanana mpaka pa cholakwa, mudziwe kuti wina adasuzumira pa kope la mnzake. Mapepala a Heemskerck, amene amasungidwa ku Berlin, ali ndi ming'alu, miyala yogumuka, zitsamba zomera pamwamba pa makoma. Munthu amene wataya nthawi kujambula chitsamba chomera pakhoma, ndiye kuti adakhala pansi pamalopo n'kuyang'ana. Pomwepo padali ena amene adangomva dzina lakuti Septizodium, n'kuona kuti muli liwu la Chilatini lotanthauza zisanu ndi ziwiri, basi n'kujambula nsanja ya nyumba zisanu ndi ziwiri zosanjikizana, yokongola kwabasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zina ndingozitchula mothamanga. Kachisi wa Minerva wa m'bwalo la Nerva adagwetsedwa mu 1606 ndi Papa Paul V, miyala yake n'kukamangira kasupe wa Acqua Paola. Mitanda ya mkuwa yogwira denga la khonde la Pantheon idachotsedwa ndi Papa Urban VIII mu 1625, yambiri n'kusungunulidwa kupanga mizinga ya ku Castel Sant'Angelo, ndipo mmene idalumikizidwira timaonera pa zojambula za Serlio ndi za mmisiri wina, Borromini. Denga la chinyumba chimene chimatchedwa molakwika kuti kachisi wa Minerva Medica lidagwa mu 1828. Lamba wa khoma wa m'Pantheon uja, wopotoka uja, adamusintha yense pa nthawi ya Papa Benedict XIV m'zaka za m'ma 1700, ndipo m'ma 1930 Alberto Terenzio atafuna kubwezeretsa kachigawo kakang'ono kuti anthu aone mmene zidalili, adathamangira ku zojambula zakale. Zidamuthandiza ndi za anthu amene adapirira n'kujambula chopotokacho chili chopotoka.

Pali malo amodzi pamene ojambula akalewa adalembetsedwa mayeso iwo osadziwa, ndipo nkhani yake imandikomera. Pakati pa 203 ndi 211 AD, Aroma adazokota mapu a mzinda wonse pa miyala ya mabo 150, n'kuimata pa khoma la Kachisi wa Mtendere weniweniyo, mamita 18 chopingasa ndi 13 chokwera. Akachisi, masitolo, nyumba zogona, masitepe, zonse zidalipo. Khomalo lilipobe, ndi la tchalitchi cha Santi Cosma e Damiano tsopano, ndipo mabowo a zitsulo zimene zinkagwira miyalayo amaonekabe. Mu 1562 zibenthu zambiri za mapuwa zidafukulidwa m'munsi mwa khomalo n'kupita m'manja mwa banja la Farnese. Zina mwa izo zidajambulidwa, ndipo mapepala ake ali ku laibulale ya Vatican, m'buku la nambala 3439. Kenako chidwi chidazilala, ndipo zibenthu zambiri adamangira khoma la dimba la banjalo pafupi ndi mtsinje wa Tiber, ngati miyala wamba. Kwa zaka pafupifupi 300 mapepala aja ndiwo ankayankhulira zibenthu zotayikazo. Mu 1888 ndi 1899, pogumula makoma kumeneko, zibenthu mazanamazana zidatulukanso, ndipo akatswiri adatha kuika mwala apa, pepala apa. Ojambula aja adakhoza, ngakhale osati zonse. Maonekedwe a nyumba ndi zilembo adatengera mokhulupirika, koma sadasunge sikelo imodzi, ndipo apa ndi apo dzanja lidawongola mzere kapena kudumpha kanthu kakang'ono. Popeza tsopano tikudziwa pamene manja awo amaterereka, tikhoza kuwamvera mosamala pa zibenthu zimene sizidapezekebe mpaka lero, monga mbali yaikulu ya bwalo la zisudzo la Pompey. Mapu omwewa ndiwo amaonetsa kuti Septizodium chidali chikhoma chachitali chopingasa, chokhala ndi mapinda ozungulira, osati nsanja ija.

Cha m'ma 1742 zibenthu zotsala zidaperekedwa ku nyumba yosungira zakale ya pa Capitol kuti anthu azizionera pa makoma a masitepe. Zosowazo adazisemanso pa miyala yatsopano potengera zojambula, koma pa chilichonse chatsopano adazokotapo kanyenyezi, kuti woona adziwe kuti ichi si cha Aroma. Kanyenyezi kameneko, a Mkonzi, ndiko kadasowa pa tsamba lanu.

Kamodzi kokha m'moyo wanga ndidapondako ku Roma, pa ulendo wachipembedzo. Anzanga akuthamangira mthunzi, ine ndidatsalira pa chipata chachikumbutso cha Titus, chija chili ndi asilikali osema atanyamula choikapo nyale cha m'kachisi wa ku Jerusalem. M'thumba ndidali ndi fotokope ya chithunzi china cha Piranesi cha chipata chomwecho. Papepalapo chipatacho chapanikizika pakati pa makoma a anthu, poti banja la Frangipane lidachisandutsa mbali ya linga lawo cha m'ma 1100, ndipo nthiti zake ziwiri zidali zitatha. Chimene chidali patsogolo panga chidali chathunthu, choima pachokha. Ndidayang'ana pepala, kuyang'ana mwala, kubwereranso ku pepala, thukuta lili kamukamu, ndipo pang'onopang'ono maso adayamba kutseguka. Nsanamira zapakati n'za mabo, zamizeremizere, zodyeka ndi zaka. Zakunja n'za mwala wina wotchedwa travertine, wa timabowotimabowo, ndipo n'zosalala, zopanda mizere. Raffaele Stern ndi Giuseppe Valadier, amene adachikonza cha m'ma 1820, adachita dala kuti wobwera pambuyo adzasiyanitse chakale ndi chatsopano. Tsiku limenelo Piranesi yemwe uja ndiye adali mboni yanga yabwino, poti adandilozera pamene mwala wa Aroma umathera. Komabe mkuluyu khalidwe lake salisiya. Anthu amawachepetsa kuti nyumba zikule, ndipo ndivomere kuti chipatacho ndidachipeza chocheperako kusiyana ndi chimene ndidanyamula m'mutu pochoka kunyumba.

Ndipo pali zina zimene pepala, lingalondole chotani, silinganene. Pa khonde la Pantheon padalembedwa dzina la Agrippa, mkamwini wa mfumu Augustus. Ojambula adakopera zilembozo bwinobwino, ambiri n'kukhulupirira kuti nyumbayo ndi yake. Mu 1892 Georges Chedanne wa ku France adayang'ana zidindo zimene oumba ankadinda pa njerwa, ndipo zidaulula kuti nyumba imene ilipoyi ndi ya nthawi ya mfumu Hadrian, zaka zoposa 100 Agrippa atamwalira. Kachisi wa Agrippa adapsa kalekale, dzina lokha ndilo adalibwezerapo.

Pempho langa ndi laling'ono. Mukaika chithunzi chakale, lembani pansi pake amene adajambula, chaka chake, ndi mawu awiri atatu osonyeza ngati adajambula zimene adaona kapena zimene adaganiza. Rodolfo Lanciani, popanga mapu ake a Roma pa mapepala 46 pakati pa 1893 ndi 1901, adatapa kwambiri m'zojambula zakale, koma adasiyanitsa nthawi ndi inki: za Aroma zakuda, za pambuyo pake zofiira, za m'masiku ake zabuluu. Inu simufunika inki zitatu, mzere umodzi ukwana. Ndipo mukapeza malo sabata ikubwerayi, ikaninso chithunzi chomwecho, poti n'chokongola ndipo ana adachikonda, koma pambali pake muike chojambulidwa ndi kamera cha Via Appia mmene ulili, miyala yake yakuda yosalala ndi mapazi, mitengo ya paini m'mbali, ndi manda ozungulira a Caecilia Metella. Kungoti mudzawauzenso anawo kuti mano a linga ali pamwamba pa mandawo adawonjezera ndi a banja la Caetani cha m'ma 1300.

Mdzukulu wanga adakana kumatula chithunzicho, akuti chingang'ambe tsamba. Tidagwirizana kuti ajambule kanyenyezi pakona ndi pensulo, n'kulemba pansi pake kuti Piranesi, 1756. Akuti aphunzitsi akamufunsa kuti kanyenyeziko n'kachiyani, awauza kuti akafunse agogo. Ndiye ndikudikira.

Ine wanu,
Wojambula mapulani wopuma pantchito